Puloti ya Azakhali, Kuchokera Pachulu Kukafika Pamango

Tinanyamuka kwa Kaluluma dzuwa lisanapse, ine ndi azakhali anga a Nabanda, khasu lawo atalikulunga m'thumba la feteleza. Ulendo unali wa ku Kasungu boma, kukaona puloti imene anagula zaka zingapo zapitazo, chaka chimene fodya anawakomera mtima. Pulotiyo ndiyo penshoni yawo. Msana unawakana kale, ndipo akufuna kumanga kanyumba m'tauni kuti asiyane nazo za nazale ndi zigafa. Ine ananditenga ngati katswiri. Ku koleji ndinaphunzirako za mapulani a matauni, ndipo ndinkakhoza kwambiri mpaka tsiku limene anabweretsa mayeso. Mwamwayi, kumudzi sasiyanitsa womaliza ndi wothawa. Tonse timabwera ndi chikwama.

"Malire mukuwakumbukira?" ndinafunsa tili pa njinga yamoto yopita ku Nkhamenya, khasu likundibaya m'nthiti.

"Iwe, ndine mwana ine? Kuchokera pachulu chachikulu kukafika pamtengo wa mango. Mwini wake anandilozera anthu akuona."

Ndinakhutira. Chulu ndi mango ndi mboni zabwino. Sizimwa mowa, sizisamuka.

Pa Nkhamenya tinakwera Sienta, galimoto imene anaipangira anthu ochepa chifukwa sanatifunse. Dalaivala anati sikisi sauzande munthu mmodzi, khasu ulere. Mpando wake anagawana ndi bambo wina wa chipewa, moti mpaka lero sindidziwa amene ankaponda buleki pakati pa awiriwo.

Titadutsa Chatoloma ndinayamba kuona zimene ndinkaziwerenga m'mabuku ndisanathawe. Nyumba zandanda m'mphepete mwa tala ngati anthu odikira makuponi. Kutsogolo golosale, saluni, malo ogulitsira mbewu. Kuseri kwake, mapesi ndi zigafa zopanda kanthu mpaka kumene maso alekezera. Ndinafunsa dalaivala kuti tauni imayambira pati masiku ano.

"Imayambira pamene ndaima ine, achimwene," anatero. "Ndikaima pamtengo kawiri, wina amabwera ndi chiwaya. Kachitatu mupeza golosale. Mwezi ukatha pali tchalitchi."

Ku koleji mfundo imeneyi inatitengera teremu yonse.

Tinafika pa depoti dzuwa lili pamutu. Ine ndinadya tchipisi cha pachiwaya, chamchere wambiri ndi kabichi wongolawitsa. Azakhali anatulutsa mbatata yawo yophika nati za m'tauni adzayamba kudya akadzakhala a m'tauni. Kenaka tinapeza akabaza awiri. Wamkulu wa iwo, bambo wa imvi, anangomva mawu oti chulu n'kugwedeza mutu.

"Pachulu? Siteji yathu imeneyo, amayi. Kwerani."

Azakhali ankakumbukira kuti ukasiya tala umadutsa minda ya chimanga, kenaka dambo, kenaka tchire. Ife tinadutsa mipanda ya njerwa, nyumba zofika pawindo, nyumba zofolera theka, ndi nyumba ina yokhala ndi geti lokongola koma yopanda denga. Njira yake inkayenda ngati yochokera ku mowa. Inakhota pachimbudzi cha wina, inadutsa pansi pa chingwe cha zovala, ndipo pena tinachita kupereka moni kwa banja limene linkadya pakhonde, chifukwa tayala linagunda mbale yosambira m'manja. Mwadzidzidzi tinatulukira pamsewu wotakata, wowongoka, wosalala bwino. Ndinati mumtima, apa pokha munthu wa mapulani anafikapo.

"Tafika," anatero bambo wa imvi uja.

Azakhali anatsika, nayang'ana uku ndi uku. "Chulu chili kuti?"

Bamboyo analoza nyumba ya kumanja. "Ndi icho." Analoza ya kumanzere. "Ndi icho. China chili mumpanda uwo. Dothi lake linali labwino, njerwa zake sizisweka."

"Nanga mango?"

"Ndi amene anawotchera njerwazo."

Mboni zathu zinali zitathana zokhazokha. Panatsala dzenje pamene panali chulu, ndi chitsa chimene mayi wina anayalapo tomato. Ndinaima pakati monga katswiri, ndinayang'ana dzenje, ndinayang'ana chitsa, ndipo ndinapereka lipoti langa: msewu wokongola uja ndiwo unali puloti ya azakhali.

Ndinene chilungamo, palibe anawabera ngakhale phazi limodzi. Aliyense anamanga mpanda wake ndendende pamalire ake. Kungoti wogulitsa anadula mapuloti munda wonse osasiya njira, ndipo aliyense womanga ankaganiza kuti msewu ndi nkhani ya mnzake. Malole a mchenga, ngolo, maukwati ndi maliro, zonse zinapeza malo amodzi opanda mwini wooneka.

Ndinafotokozera azakhali kuti m'mabuku amayamba ajambula misewu, mapuloti pambuyo.

"Ndiye unathawiranji usanawauze?" anatero, akumasula khasu.

Mlimi ali ndi njira imodzi yonenera kuti pano ndi panga. Anamanga chitenje m'chiuno nayamba kuunda mizere yopingasa msewu, yonenepa ngati ya fodya. Njinga yamoto inabwera, inachepetsa liwiro, inakwera mzere, inatsika, inapita. Inabwera ina, chimodzimodzi, woyendetsa wake n'kukweza dzanja mwaulemu. Apo mayi wa tomato uja anafika nagwada.

"Zikomo kwambiri, amayi. Ndinu a khonsolo? Mahampu amenewa tinapempha kalekale. Ana akanatha ndi njingazi."

"Khonsolo ya chiyani? Puloti yanga ino!"

Mayiyo anagwira pakamwa. "Eni ake ndinu? Ife timati munatisiya kale." Kenaka analoza kuseri kwa mipanda. "Ine ndimakhala uko. Mukatseka pano, tonse a kumeneko tizitulukira kumwamba. Mwezi watha mwana wanga wamkazi anayamba matenda a uchembere, galimoto inadzamutengera pompano."

Azakhali anatsamira khasu nthawi yaitali. Mbali imeneyi ya maphunziro tinali tisanafikepo pamene ndinkachoka ku koleji. Kenaka azakhali anapita kumpanda wa kumanzere, nayamba kuyeza ndi mpini, kusiya mpata woti ngolo ya ng'ombe idutse.

"Podutsa ngolo, ya chipatala idutsanso," anatero. Bambo wa kabaza anathyola nthambi, tinakhoma zikhomo. Malo otsalawo anali aatali ndi opyapyala. Azakhali anawayang'ana napukusa mutu.

"Ndathawa chigafa kumudzi, ndidzagona m'chigafa m'tauni."

Ndinafunsa kuti tinyamuka nthawi yanji, popeza magalimoto a ku Nkhamenya amavuta kukada.

"Ndinyamuka ine. Chulu anaumba, mango anawotcha, zikhomozi mawa wina aphikira nyemba. Iwe palibe angakuumbe njerwa. Utsala kwa msuweni wako wa m'tauni muno, tsiku lililonse uzidzakhala apa mpaka ndibwere ndi amisiri."

Choncho ndikulemba izi nditakhala pachitsa cha mango, pambali pa tomato. Ulendowu wandiphunzitsa kuti kwathu kuno msewu umadutsa pa munthu amene palibe. Ine ndilipo. Akabaza ayamba kale kuuza anthu kuti atsikire pa Akoleji.