Bondo limene linatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito

Ndinali nditangotha miyezi iwiri ndikugwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Evington. Mapepala anga okhalira m'dziko muno ankadalira ntchitoyo. Dandaulo limodzi loti ndachitira nkhanza munthu wokalamba, basi, ndikanalongedza zikwama.

Mwa anthu amene ndinkawasamalira munali mayi wina wobadwira ku Poland. Ali mtsikana ankachita zisudzo kwawoko, kenako anabwera kuno n'kumaoneka m'mafilimu, kawirikawiri ngati wantchito wam'nyumba chifukwa cha kalankhulidwe kawo. Zimenezo zinkawapsetsabe mtima. Anali ovuta, ndisaname. Zadzulo ankaiwala, koma mawu a masewero akale anali nawo onse m'mutu.

Pa phwando la Khirisimasi anawapempha kuti anene ndime ya sewero lina pamaso pa anzawo ndi achibale. Ndinawaveka diresi lobiriwira ndi ndolo. Titafika pakhomo la holo, anaima nji.

"Ndimenye ndi bondo kumbuyoku," anatero. "Kwathu munthu sakwera pasiteji asanamenyedwe. Ndiwo mwayi wake."

Ine, amene ndinaleredwa kuti ngakhale madzi ndizipereka chogwada, ndimenye munthu wamkulu? Kudenga kunali kamera. Abwana anali chapomwepo akugawa makeke.

"Amayi, sindingathe. Andichotsa ntchito."

"Ndiye ndibwezere kuchipinda," anatero. "Sindinalowepo popanda zimenezi. Onse amene ankandimenya anamwalira."

Ndinakwiya chifukwa mantha anga sankawaona, komanso chisoni chinandigwira. Ndinawagwira m'chiuno kuti asagwe, n'kuwagunda pang'ono. Nditadzutsa mutu, abwana anali akundiyang'ana.

Mayiwo analowa osacheuka. Mawu awo ndinkawamvera mu ofesi momwe abwana ananditengera, amphamvu ngati si munthu amene ndinkamudulira nyama pambale. Abwana anati ndipite kunyumba mpaka awafunse eni ake. M'basi monse ndinkaganiza chimodzi: pofika mawa adzakhala ataiwala, ndipo kamera ilibe mawu.

Anandiitana patapita masiku awiri, n'kundiuza mmene zinayendera. Mayiwo anati sakukumbuka chilichonse. Kenako anafunsa ngati anakwera pasiteji. Atauzidwa kuti inde, anati, "Ndiye kuti wina anandimenya. Ameneyo musamuchotse, ndidzamufunanso."

Abwana anandipatsa kalata yondichenjeza, ndipo ndinabwerera pantchito. Nditalowa m'chipinda cha mayiwo, anandifunsa kuti ndine ndani.