Tsiku Limene Ambuye Anatsikira M'chitsime

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene episkopi anabwera kudzayendera tchalitchi chathu chaching'ono, kufupi ndi Nkhamenya. Inali nyengo yosankha fodya. Zigafa zinali zodzaza mudzi wonse, ndipo fungo la fodya wouma linkatikanirira m'zovala ngakhale titachapa ndi sopo.

Kwa milungu itatu akatekisiti athu, a Mwale, ankatiphunzitsa kalandiridwe ka mlendoyo. Anatiuza kuti timutchule kuti Ambuye, kuti amavala chisoti chachitali, ndiponso kuti amayenda ndi ndodo yopindika kumutu. "Mukawayandikira muzigwada," anatero, "chifukwa amaimira Khristu Mfumu." Ine m'maganizo ndinkaona munthu wamtali ngati bulugamu, amene ngakhale fumbi limaopa kumukhudza.

M'mawa wa tsikulo, ine ndi msuweni wanga Tiyanjane tinatumidwa kudambo kukadula kanjedza wokongoletsera msewu. Ndinkafuna kuti nthambi yanga ipose za ana onse. Nditaona ina yaikulu m'dimba losiyidwa, ndinathamangira osayang'ana popondapo. Udzu unali utaphimba chitsime chakale. Ndinangomva nthaka ikundithawa.

Nditazindikira, madzi anali pachifuwa ndipo miyendo inali italowa m'matope mpaka m'mawondo. Mkono wamanja unangolendewera, wothyoka. Kumwamba kunkaoneka kuwala kozungulira ngati mbale, ndipo dothi linkagumuka pang'onopang'ono n'kumandigwera m'maso.

Kukuwa kwa Tiyanjane kunaitana azimayi amene ankadutsa popita kutchalitchi, pakati pawo mayi anga. Amuna onse anali atapita kale kukamanga chisakasa, ndipo kunali kutali. Azimayiwo analumikiza zitenje n'kuzitsitsa.

"Gwira, Jenifa! Gwiritsitsa!" ankakuwa mayi.

Ndinayesa ndi dzanja lamanzere, koma akakoka, chitenje chinkapulumuka. Ndikadzigwedeza, matope ankandimeza. Madzi anafika m'khosi, ndipo ndinasiya kulira chifukwa ndikatsegula pakamwa ndinkamwa matope.

Kenaka ndinamva galimoto ikuima kumsewu. Pakamwa pa chitsime panaoneka nkhope ya bambo wochepa thupi, wovala magalasi.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

Ndinawauza.

"Jenifa, usalimbanenso ndi matopewo. Ingoima chilili. Ndikubwera."

Kumwambako ndinamva kukangana. Mawu aakulu, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti anali a dalaivala, anati, "Ambuye, ndilowe ndine."

"Iwe ndi thupi lakoli ukagumula khoma. Ndiye atikoke ndani? Gwira chingwe."

"Ambuye, musatero," anatero mayi uku akulira, "tithamangire amuna."

"Amayi, mwanayu akumira."

Mantha anali atanditseka nzeru, moti sindinalumikize mawuwo ndi mlendo amene tinkamuyembekezera. Chimene ndinaona n'chakuti kuwala kuja kunatsekeka, ndipo mapazi awiri opanda nsapato anayamba kutsika, akufufuza popondera. Anali ndi ming'alu kuchidendene ngati mapazi a bambo anga.

Munthuyo anafika, chingwe chokokera galimoto chili m'chiuno. Munali mopanikiza, moti ndinkamva mtima wake ukugunda. Anakoka mpweya, n'kumiza mutu m'madzi akudawo, n'kuyamba kukumba ndi manja mozungulira miyendo yanga. Anavuuka, anapuma, n'kumiranso. Ulendo wachitatu mwendo umodzi unamasuka, kenaka winawo. Magalasi ake anatsalira pansi pomwepo.

Anamasula chingwe m'chiuno mwake n'kundimanga nacho m'khwapa, atayamba wakulungapo chitenje kuti chisandicheke.

"Nanga inu?" ndinafunsa.

"Yamba iweyo. Ponda pamapewa pangapa."

Ndinaponda. Iwo anawerama, kenaka anadzuka nane pang'onopang'ono, ndipo a kumwamba anakoka.

Nditatuluka, ndinaona mkanjo woyera uli pa udzu, pambali pake nsapato zakuda ndi mtanda wa m'khosi. Apo m'pamene ndinazindikira amene ndamusiya m'dzenje. Ululu wa mkono ndinauiwala. Chingwe chisanabwerere pansi, mbali ina ya khoma inagumuka. Dalaivala anaitana kawiri, ndipo kachitatu tinamva kutsokomola.

Atawakoka ndi chingwe chija, Ambuye anatuluka ali bii ndi matope, magazi akuyenderera pamphumi. Azimayi anagwada osauzidwa ndi munthu. Iwo anangofunsa kuti, "Mwana uja ali bwanji?" Analamula kuti galimoto itenge ine ndi mayi kupita kuchipatala, ndipo iwo anayamba ulendo wa kutchalitchi wapansi, mkanjo uli pamkono.

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi bambo. Anthu anali atandanda mbali zonse za msewu, kwaya ikuimba, maso ali kutali kudikira fumbi la galimoto. Ambuye anasamba kumaso pa mjigo n'kudutsa pakati pa khamulo limodzi ndi azimayi aja, koma palibe anawazindikira. A Mwale anafika powapempha mwaulemu kuti apatuke, poti mumsewumo mudutsa episkopi. Tsiku limenelo Misa anaichita ndi bala pamphumi, ndipo mawu a m'Baibulo anachita kuwawerengera wina chifukwa sankaona bwino. Za chitsime sanazitchule n'komwe.

Patapita masiku awiri, a Mwale anabwera kudzandiona kuchipatala. Ndinali ndi nkhawa imene inkandisowetsa mtendere, ndipo nditawaona ndinayamba kulira.

"Ndinawaponda Ambuye ndi mapazi amatope. Kodi ndachimwa?"

A Mwale anatembenuza chipewa m'manja. "Mwana wanga," anatero, "ndinakuphunzitsani kugwadira mfumu, koma ndinasiya chachikulu. Mfumu yathu ija ndi imene inayamba kugwada. Inasambitsa mapazi a anthu, ndipo pamutu inavala minga. Sunachimwe. Mapewa aja anadzera zomwezo."

Episkopi uja sindinakumanenso naye. Anamwalira ndili kusekondale, ndipo sindikudziwa ngati ankakumbukira dzina langa.

Ndinakula ndikuganiza kuti chipulumutso n'cha anthu ogwiritsitsa, amene amapemphera osaphonya ndi kusunga malamulo onse mpaka Mulungu atawakokera kumwamba. Koma mwamuna wanga atamwalira, kundisiya ndi ana atatu ndi fodya m'munda, ndinatha chaka chathunthu osakhoza kunena ngakhale Atate Athu. Anthu ankandilimbikitsa kuti ndigwiritsitse chikhulupiriro, ndipo ankanena zoona, koma ndinalibe chogwirira. M'chaka chimenecho m'pamene ndinamvetsa zimene zinandichitikira ndili mwana. Tonse amene tili pansi pano mkono wathu ndi wothyoka. Mwana wa Mulungu sanaime pamwamba n'kumatikuwira kuti tiyesetse. Anavula ulemerero wake, anatsika mpaka pamene tinamira, ndipo anatsala m'dzenje kuti ife tituluke.

Lero ndikagwada m'tchalitchi sindiyang'ananso kudenga pomufuna. Ndimadziwa kuti ali pansi kuposa ine, ndipo ndi Iyeyo wandisenza.