Sowo Imene Ndinabwera Nayo ku Joni

Chinandichotsa pa esiteti ndi matumba a mapepala. Ntchito yanga inali yokhoma mabokosi opakiramo tiyi, ntchito yomwe bambo anga anakalamba nayo. Matipate atangokhazikika, mabwana anayamba kupakira tiyi m'matumba, ndipo ife makalipentala anatiuza kuti tisankhe, kubereka dengu n'kukathyola tiyi kapena kulandira notisi. Ndinayesa kuthyola dzinja limodzi. Azimayi ankandisiya kutali m'mizere, ndipo kapitawo ankangoyang'ana sikelo n'kupukusa mutu. Mvula itatha ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndikupita ku Joni.

"Mukakhalako mpaka liti?" anafunsa, maso ali pa lichero la nandolo.

"Zaka ziwiri basi. Tikangofolera nyumbayi ndi malata, ndabwera."

Sanandiletse, sanandivomerenso. Mwana wathu Dorika anali atangoyamba sukulu. Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pa msewu wa ku Khonjeni atagwira chala changa, akundiuza kuti ndikamugulire nsapato zofiira.

Ku Joni ndinafikira m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, kwa Waisoni, mnzanga wa ku Makwasa amene anatsogolako. Iye ndiye anandilowetsa ntchito pa shopu ina yopanga makabati, mafelemu a zithunzi ndi timatabwa tokongoletsa pamene khoma limakumana ndi siling'i. Kumeneko ndi kumene ndinaiona koyamba sowo imene ndakhala nayo pano. Ankaitcha mayita. Ndi sowo yamagetsi yokhala ndi mpeni wozungulira wa mano, umene umautsitsa ndi chogwirira. Imatembenukira kumanja ndi kumanzere, imapendekekanso chammbali, moti kona imene bambo anga ankalimbana nayo m'mawa wonse iyo imaidula usanamalize kupuma.

Wondiphunzitsa anali mkulu wina wa ku Mozambiki, a Juwawo, wochokera cha ku Milanje. Nditamva akung'ung'udza m'Chilomwe ngati cha mayi anga, misozi inatsala pang'ono kutuluka. Tsiku loyamba sanandilole kudula kanthu.

"Zula pulagi," anatero. "Ukafuna kuigwira mano, uyambe waona pulagi ili m'manja mwako. Usamve za munthu kuti ndazimitsa."

Anandigwedezetsa benchi kuti ndione ngati ikutekeseka, n'kundimangitsa mabawuti onse ogwira sowo ku benchiyo. Kenako anandipatsa sikweya, kachitsulo koyezera kona, kuti ndiyeze mpeni ndi tebulo lake, ndiyezenso mpeni ndi chitsulo chakumbuyo chimene thabwa limatsamira. Ankati manambala olembedwa pa makinawo amanama akagwedezeka, koma sikweya sinama. Ukaikonza, umadula tizidutswa tiwiri totaya n'kutilumikiza, n'kuyang'ana padzuwa. Kuwala kukadutsa pakona, uyambirenso.

Zina anandiphunzitsa ndi kambama pa dzanja. Thabwa ulipane ndi chopanira, litsamire chitsulo chakumbuyo bwinobwino. Likakhala lalitali, kumapeto kwake ukuchirikize, lisalendewere. Dzanja likhale kutali ndi mpeni kuposa kutambalala kwa chikhatho, ndipo manja asapingasane. Malaya upinde, magalasi uvale. Uyatse, udikire ifike pa liwiro lake, utsitse mofatsa. Ukamaliza, usiye swichi, mpeni uime kaye uli pansi, ndiye udzutse.

"Kachidutswa kakang'ono usakagwire ndi dzanja," ankatero. "Matabwa amagula. Chala sindinaonepo shopu yake."

Lero ndikamauza anthu a pa Khonjeni malamulo amenewa amaseka, amati ndinaphunzira mantha kwa azungu. Ndimangowasiya.

Ndalama zinkapezeka, sindinama. Ndinkatumiza kudzera mwa amalole opita ku Limbe, nthawi zina pamodzi ndi mabulangete, sopo ndi mafuta ophikira. Nsapato zofiira zija ndinatumiza, koma zinakafika zitamuchepera. Zaka ziwiri zinatha, malata anakwera, koma masiku a pa pasipoti yanga anali atatha kalekale. Ndinkadziwa kuti ndikatuluka sindidzalowanso. Kenako kunagwa njala yaikulu ija kumudzi, ndiye ndani akanasiya ntchito? Bambo anga anamwalira ndili komweko. Ndinatumiza ya maliro, m'mawa mwake ndinapita kukadula mafelemu.

Lamulungu ndilo linkandipweteka. Sitinkayenda poopa apolisi. Waisoni ankagona tsiku lonse atayang'ana kukhoma, ine ndinkachapa malaya ochapa kale. M'basi sitinkalankhula, kuopa kuti lilime lingatiulule kuti ndife obwera. Mafoni atafika pa Khonjeni, Esinati ankapita pa golosale ina kukadikira kuti ndiimbe.

"Kuli bwanji kumeneko, amake Dorika?"

"Kuno tonse tili bwino. Dorika ali kusukulu. Kaya inu?"

"Ine ndili bwino kwambiri. Nanga chifuwacho?"

"Aa, n'chiperoni ichi. Mukudziwa kale kuzizira kwa kuno."

Mayunitsi ankatha tisananene china chilichonse.

A Juwawo anawagwira apolisi tsiku lina akupita kuntchito, sitinawaonenso. Chaka chimenecho, Khirisimasi itayandikira, maoda anachuluka. Chophimba mpeni, chija chimatsika chokha kubisa mano, chinayamba kukakamira chifukwa cha utuchi. M'malo mochitsuka, anyamata anachikweza n'kuchimanga ndi waya kuti ntchito ifulumire. Bwana anadutsa, anaona, n'kungopitirira. Tsiku lina Waisoni ndiye anali pa sowo. Anadula, anadzutsa mpeni usanaime, n'kutambasula dzanja kuti achotse kachidutswa. Sanakuwe. Ndinangomva makina asintha kulira, potembenuka ndinamuona atagwira mkono, akuyang'ana pansi ngati wagwetsa ndalama. Zala zitatu za kumanja zinali mu utuchi.

Kuchipatala anamusoka. Bwana anamupatsa ya basi ndi kenakake pamwamba, podziwa kuti munthu wopanda mapepala sakasuma. Ine anandituma kutsuka makinawo. Ndinazula pulagi, ndinapukuta magazi pa mano limodzilimodzi, ndinamasula waya uja, ndinatsuka chophimba mpaka chinayamba kutsika chokha. Pokwera basi Waisoni ndinamupempha kuti akaone banja langa. Atandiimbira patapita mwezi anangoti, "Ndawaona, achimwene. Nyumba ndi yabwino." Kuyambira pamenepo m'kachipinda muja ndinatsalamo ndekha.

Ndinabwerera chaka chija anayamba kumenya alendo ndi kutentha tinyumba tawo. Shopu inatsekedwa, bwana anayamba kugulitsa makina akale. Ndinagula mayita yomwe ija ndi ndalama pafupifupi zonse zimene ndinasunga. M'mutu mwanga munali shopu yangayanga pa Khonjeni, dzina langa pa chikwangwani, Dorika akumaliza sekondale. Ndinaikulunga m'bulangete, ndipo ulendo wonse wa pa lole, kudutsa Zimbabwe ndi Tete, ndinkatsika pena paliponse kukaona ngati zingwe zili zolimba. Kuchokera pa Boma pa Thyolo ndinakwera matola. Phiri la Thyolo, limene ndinalisiya lakuda ndi mitengo, linali mbee, minda mpaka pamwamba. Tiyi yekha ndiye anali chimodzimodzi, wobiriwira, wometedwa bwino, mpaka m'mphepete mwenimweni mwa midzi.

Nyumba ndinaizindikira ndi malata. Pabwalo panali mayi wachitsikana akusesa, khanda kumsana.

"Zikomo mayi. Amake Dorika alipo?"

Anaika tsache pansi, n'kugwada chapatali. "Ababa, ndine Dorika."

Esinati ndinamupeza pa mphasa m'chipinda. Ndikanakumana naye panjira sindikanamudziwa. Mikono inali ngati bango. Anayesa kudzuka kuti andilonjere, chifuwa chinamubweza. Dorika ndiye anandifotokozera, ali chogwada pakhomo. Matendawa anayamba kalekale. Anayenda nawo kuchipatala ku Makwasa, ku Boma, kwa asing'anga. Ankati chifuwa chachikulu, ena ankanong'ona zina. Iyeyo sukulu anasiyira Sitandade 7 kuti azidwazika mayi ake, dzinja ankakathyola tiyi. Bambo a khandalo anali dalaivala wina amene anasamuka osatsanzika.

"Bwanji simunandiuze?" ndinafunsa Esinati titatsala awiri.

"Mukanatani, abambo a Dorika? Mukanabwera, ya mankhwala ikanachokera kuti?" Anapuma kaye. "A Waisoni ndinawagwira mwendo kuti asanene. Iwonso anatiuza mmene munkagonera uko. Inu munanenapo?"



Kumudzi kulibe magetsi, ndiye ndinapempha malo kuseri kwa chigayo cha Che Amidu pa Khonjeni, tinagwirizana zolipira pamwezi. Ndinakhoma benchi yolimba, ndinamanga mabawuti. Ulendo unali utaisokoneza sowo ija, sikweya inaonetsa mpata, ndipo ndinatha tsiku lonse ndikuikonza mpaka tizidutswa tiwiri tinagwirana osadutsa kuwala. Nditaiyatsa, anthu anasiya matumba awo pa chigayo kudzaonerera. Ndinajambula mzere pansi kuti asaudutse. Anaomba m'manja poona kona yosalala ngati yopala. Kenako anabwerera ku matumba awo. Nyumba zathu n'zozira, zopanda siling'i. Felemu ya chithunzi anafuna mphunzitsi mmodzi yekha. Matabwa abwino anali atasowa, otsalawo mtengo wake wosayamba. Magetsi ankazima mmene afunira.

Esinati anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Ndinauza akubanja kuti bokosi asagule, ndipanga ndekha, lokhala ndi makona ngati a mabokosi a m'tauni. Ndinafuna ndimupatseko chinthu chimodzi chochokera m'manja mwangamu. Ndinagula matabwa a bulugama, ndinayeza, ndinalemba, ndinapana loyamba pa sowo. Nditakanikiza swichi, zii. Chigayo nachonso chinali chete. Ndinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha, thupi silingadikire. Ndinabwereka sowo yamanja yobuntha kwa kalipentala wa pamsika, ndinadulira pa benchi yomweyo, pambali pa makina. Manja anali ataiwala. Makona sanakumane. Mipata ndinaimata ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, n'kukuta nsalu yakuda. Magetsi anayaka tikuchokera kumanda.

Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi. Patapita miyezi, amalume ake a Esinati anaitana ankhoswe n'kundisudzula mwaulemu wonse.

"Abambo a Dorika, simunatilakwire. Mbumba yathu munaisamala muli kutali. Koma mwambo mukuudziwa. Malatawa ndi thukuta lanu, mukafuna mukhoza kusasula."

Ndikanasasula bwanji, pansi pake pakugona mwana wanga ndi mdzukulu wanga? Ndinatenga chikwama chokha. Kwa mayi anga ndinapeza kamunda kathu alongo anga atagawana kale, mizere yowerengeka aliyense, ndipo pamene pathera chimanga chawo payambira tiyi wa esiteti. Anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, koma palibe anandifunsa kuti ndimanga pati. Ndiye ndimagona kuno kuseri kwa chigayo, pa makatoni, pafupi ndi benchi. Ntchito imene imabwera kawirikawiri ndi mabokosi a maliro. Waisoni amadutsa masiku a msika, amagulitsa nthochi. Amakhala pakhomo, salowa, ndipo ndikafuna kuyatsa makina amatsanzika.

Sabata yatha kunabwera Dorika, mwana kumsana. Magetsi anali atazima, ndinali nditangokhala. Anagwada kunja kwa mzere uja ngati kasitomala, ngakhale ndinamuuza kuti alowe. Anandipatsa chinangwa chophika m'kambale. Tinakambirana za mvula, za chifuwa cha mwana. Ndinkaona kuti pali chimene wadzera, chikumulemera.

"Nena, mwana wanga."

Anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala. "Ababa, musandimve molakwa. Fetereza sitinagule chaka chino. Mwanayu akufunika zambiri." Kenako anati, "Anthu akuti ku Joni kwakhalanso bata. Kodi simubwererako? Pamene munali uko, zinthu zinkayendako."

Sananene mwachipongwe. Ananena mofatsa, monga mmene mayi ake ankalankhulira pa foni. Ndinamuyang'ana, ndinaona kuti bambo amene iye akuwadziwa ndi aja a katundu wobwera pa lole, ndipo akuwasowa. Munthu wokhala pa makatoniyu sakumudziwa, ndipo alibe naye ntchito.

"Ndamva," ndinatero. "Ndiganizapo."

Anathokoza, anatenga kambale kake, anapita. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota pa msika. Madzulo ake ndinafunsa Che Amidu ngati akudziwa munthu amene angagule sowoyi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuseka pang'ono mwachisoni.

"Achimwene," anatero, "kuno aigula ndani?"