Bwinja la Mzungu pa Khoma Lathu

Ndikukumbukira, pajatu ine sindiiwala ngati ana a masiku ano, chaka chimene bambo anabwera ndi bwinja m'thumba la malaya. Ndinali ndisanayambe kupalasa bwato ndekha, koma maso ndinali nawo kale, akuthwa kuposa a nkhwazi. Kafunseni ku Mbenje za Zuze, akakuuzani.

Bambo ankaphikira mzungu wogula thonje. Mzunguyo pobwerera kwawo anataya kalendala, bambo n'kudula manambala, n'kusunga chithunzi chake. Anachikhoma ndi minga pa khoma, pamwamba pa mphasa imene tinkagona ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Marita.

Zilembo za m'munsi mwake sindinaziwerenge, sukulu ndinangoinunkhiza. Koma chithunzicho ndinachiwerenga kuposa aphunzitsi! Linali gombe la ku Mangalande. Madzi otuwa ngati phulusa, zombo zamatanga zitakocheza, ndipo pamwamba pa thanthwe nyumba yamiyala yopanda denga, mazenera ali yasaa ngati kamwa ya mlamba wouma. Zonsezi m'nkhungu, moti sunkadziwa pothera madzi ndi poyambira thambo. Zinandizunguza mutu. Azungu a nyumba zamalata aja, nawonso ali ndi mabwinja? Nanga munthu wanzeru zake angasiye nyumba zabwino n'kukajambula yogumuka? Nkhunguyo, kapena utoto unamuthera?

Kenaka Marita anadwala. Thupi moto, kuyamwa osayamwa. Amayi anayang'ana mwana, n'kuyang'ana khoma.

"Abambo a Zuze," anatero, "kuno nyumba timaigumula mwini wake akamwalira. Inu mwatola nyumba ya maliro a eni ake, mwaikhoma kumutu kwa mwana wanga. Nkhabe, sindilola! Mawa ndiione pamoto."

"Amake Zuze, ndi pepala chabe."

"Pepala? Nanga mumaliimiriranji m'mawa uliwonse ngati mukulonjera apongozi?"

Kutacha bambo anazula minga ija, anapinda chithunzi, n'kundikodola kuti tikaone miono yathu yogwirira nsomba. Inali nyengo yozizira, Shire akufuka ngati wathiridwa makala. Miono tinaipitirira. Tinatsika ndi madzi mpaka kupyola Marka, kumene tsidya lake ndi kwa Apwitikizi. Ine ndimati chithunzicho akukachiponya m'madzi.

Anaimika bwato m'mabango n'kuloza. Poyamba sindinaone kanthu. Nkhungu itang'ambika pang'ono, ndinaona zipupa za sitolo yakale pa mtunda, denga palibe, mtengo utamera pa khomo, m'munsi mwake mabwato atakocheza. Bambo anatambasula pepala lija pa bondo. Amwene inu, bwinja la papepala ndi la pamtunda, ngati mapasa!

"Bambo, mzungu wojambulayu anafika kuno?"

Anaseka. "Sanafike. Naye ali ndi bwinja lake kwawoko. Ine ndinabadwira kuseri kwa chipupa icho. Asupayi, apolisi a Apwitikizi aja, atabwera kudzagwira anthu a chibalo tinathawa, mbuzi zili m'khola. Ndikaponda apo lero, andimanga."

"Nanga nkhunguyi anaiikiranji?"

"Kwanu ukakukumbukira uli kutali, sikubwera koyera. Kumabwera chonchi. Yang'ana, Zuze. Yang'anitsitsa, uku ndi uku."

Ndinayang'ana mpaka maso kuwawa, dzuwa n'kukwera, nkhungu n'kutha, patsala njerwa wamba ndi ndowe za ng'ombe. Pamenepo bambo anatembenuza bwato.

Titafika kunyumba anapereka chithunzi kwa amayi ndi manja awiri. Ine ndinakuwa, mawu angawa ndinabadwa nawo: "Amayi, ndi kwawo kwa bambo kumeneko!" Amayi anachigwira nthawi yaitali. Marita anabuula m'nyumba. Amayi anachiika pamoto. Bambo anakhala pa mtondo, kuyang'ana kumtsinje.

Marita anachira, lero ali ndi zidzukulu ku Chikwawa. Musandifunse ngati unali moto uja kapena kwinini wa ku mishoni, ine si dokotala.

Zaka zambiri ndinkati bambo anagonja kwa mkazi, ndipo ndinkachita nazo manyazi, ine munthu wosagonja. Ndazindikira ndili ndi imvi, madzi osefukira atatisamutsira kumtunda, nyumba imene ndinaumbira njerwa ndi manja awa itatsala zipupa pakati pa mchenga. Bambo anali atasankha kale asanakwere bwato: mtima wa mayi wa mwana wodwala sulimbana ndi pepala. Kumtsinje kuja sananditengere kuti andiyankhe mafunso anga. Ankafuna posungira kwawo pamene moto sufika, ndipo anasankha mutu wanga uno. Anasankha bwino, ndikukuuzani. Chipupa chilichonse chikadalimo.