Kerubo ndi Mzungu Wobwereka

Kerubo anabadwira ku Kisii, kumene nthochi zimamera ngakhale padenga, koma anakulira m'misika ya ku Nairobi, pambali pa amayi ake ogulitsa sukuma, ndiwo zamasamba zonga repu. Amayiwo ankapita kokapikula ndiwo n'kubwerako atapindika ngati asenza msika wonse. Ndiye Kerubo atatsiriza sukulu anapanga pulogalamu ya pafoni yoti amayi ogulitsa ndiwo aziitanitsa katundu kwa alimi, anyamata a njinga zamoto n'kumawatulira pabenchi pomwepo.

Amayi a pamsika wa Kawangware anaikonda pulogalamuyo kuposa amuna awo. Chinasowa ndi mpamba wokulitsira ntchito. Kerubo anagogoda pa zitseko za eni chuma mpaka zala zinafupika. Onse ankamuyamikira, kumumwetsa tiyi, n'kumuonetsa khomo.

Mnzake Mutiso, amene anagwetsapo makampani ambirimbiri mpaka anthu anayamba kumutcha katswiri, anamuuza kuti pulogalamuyo inalibe vuto.

"Iwe, mu Nairobi muno ndalama zimaopa mdima. Kabwereke mzungu."

Kerubo anapezadi Tobias, mnyamata waulemu wa ku Ulaya amene anabwera kudzakwera phiri n'kuiwala kubwerera kwawo. Sukuma ankaiyesa maluwa. Ntchito yake inali imodzi: kukhala pampando n'kumagwedeza mutu.

Tsiku lokumana ndi eni chuma, mabwana aja anamulumpha Kerubo ngati chithaphwi n'kukamugwira Tobias chanza ndi manja awiri. Funso lililonse linkapita kwa Tobias. Tobias ankacheukira Kerubo, Kerubo n'kuyankha, mabwana n'kumuombera m'manja Tobias. Wina mpaka anamufunsa kumene anatola mtsikana wochangamuka chotere. Anatola! Ngati bowa!

Mpamba anavomera kupereka, koma pokhapokha Tobias atakhala mkulu wa kampani. Kerubo anati amupatsa udindo woyang'anira amayi a kumsika, ndipo anamuikira pepala patsogolo kuti asaine.

Tobias anafiira mpaka makutu. Mutiso, amene anawaperekeza, ananong'oneza kuti, "Saina, chemwali. Dzina silikhutitsa mimba."

Kerubo anakankhira pepala lija kwa eni ake.

"Mabwana, kampaniyi ndi mwana amene ndinabereka ndekha. Lero mukuti ndizimulera ngati wantchito?"

Anatola foni yake n'kutuluka.

Kampaniyo ikadali yake. Ofesi ili kuseri kwa saluni, ndipo ndi yopanikiza moti akafuna kuyasamula amayamba watuluka panja. Koma mabwana aja sabata isanathe anamuimbira foni Tobias, kumufunsa ngati ali ndi ganizo lina labwino.