Khoma Loyera la Amayi

Madzi atalowa m'nyumba chaka chija, anasiya mzere wa matope pakhoma, wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Nyumba zonse za kumunsi kwa komboni yakale ya mgodi zinali ndi mzere womwewo. Kamtsinje kathu kamathira mu mtsinje wa Mazowe, ndipo kale sikankavuta munthu. Koma okumba golide, amene kuno timawatcha makorokoza, anafukula magombe ake mpaka kanasokera njira n'kuyamba kudzera pakhomo pathu.

Kenako kunamveka zoti kukubwera alendo a ku ofesi kudzajambula mapu a malo osefukira madzi. Aliyense wopezeka pangozi adzapatsidwa sitandi, malo omangapo nyumba, kumtunda, cha ku Chiwaridzo. Pa uthenga wonsewo amayi anga anatolapo liwu limodzi lokha: alendo. Iwo anakula akunyozedwa kuti mabwidi, ana a Amalawi, auve opanda kwawo, ndipo chitonzocho akhala akuchiyankha ndi tsache ndi sopo. Ine ndili kuntchito ku Shamva, iwo anagula laimu, anakwecha khoma, n'kupaka kawiri, mkati ndi kunja komwe.

Alendowo anayenda nyumba ndi nyumba, kuyeza mzere wa matope ndi ndodo, kujambula pa foni. Atafika kwathu anapeza khoma loyera mbee, mipando yoyala nsalu, tiyi ali patebulo.

"Mvura haina kupinda pano, gogo," anatero mmodzi m'Chishona, kuti pano madzi sanalowe.

"Analowa, bambo," anayankha amayi motsitsa mawu. "Ndangoyeretsa."

Mnyamatayo anaseka, nati aliyense masiku ano akufuna sitandi. Tiyiyo anamwa ndithu. Kufunsa oyandikana nafe sanafunse, kutsegula kabati kuti aone mmene matabwa anafufumira sanatsegule.

Mapu atatuluka ndinapita kukawaona, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandiwira. Nyumba ya kumanzere yapakidwa buluu, ya kumanja buluu, yathu yokha pakati yatsala yoyera. Madzi ake ati amene amafika pakhomo n'kunena kuti odi, pano m'paukhondo, ndilambalale? Ndinafunsa zomwezo ku ofesiko. Anandiuza kuti iwo amayendera umboni, tidikire kuyeza kwina, ndipo ngati tikuopa, gogo apite kaye kumudzi. Kumudzi kuti? Agogo anga aamuna anabwera kuno wapansi, anathera mapapo m'mgodi, ndipo anagona kuseri kwa mulu wa dothi la mgodiwo. Mudzi wathu ndi komboniyi basi.

Anzathu anasamuka. Amayi anatsala ndi achule.

Chaka chino madzi alowanso. Ndinawauza mokalipa kuti khomalo asalikhudze mpaka oyezawo abwere. Anandimvera, koma anasiya kulandira azimayi anzawo a kutchalitchi m'nyumba. Ankakumana nawo panja, chitseko atatseka, ngati mkati muli chonunkha. Oyezawo osaoneka. Ndinakwiya nawo anthu amenewa, ndinakwiyanso ndi amayi, ngakhale sindidziwa kuti kulakwa kwawo n'kotani.

Nditapita kukawaona mwezi wathawu ndinawapeza atawerama pa ndowa, akusungunula laimu. Ndinawagwira dzanja.

"Amayi, mukudzimananso sitandi kachiwiri!"

Sanandiyang'ane n'komwe.

"Ndisiye, mwana wanga. Ngati madziwo anditenge, adzanditengere m'nyumba yoyera."