Kamulungu ka Alamu

Anthu a mumsewu umenewo ankangomutchula kuti Lumo. Ankameta tsitsi m'kachipinda kopanikizika pakati pa sitolo ya nsapato ndi malo okonzera mafoni. Munali mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, benchi la odikira ndi wayilesi yomwe inasiya kulankhula kalekale. Palibe ankadandaula za wayilesiyo, poti pakamwa pa Lumo sipankatsekeka.

Kuyambira ali mnyamata, munthuyu ankamanga dziko m'mutu mwake. Analitcha Msanjikano, chifukwa linali losanjikizana ngati mbale. Pamwamba penipeni pankakhala Wosaphethira, mulungu wamkulu, amene tsiku lomwe adzaphethire zonse zidzazima. Pansi pake panali ana ake aakazi, wa moto, wa mphepo ndi wa njala, osamwerana madzi. Ku Msanjikano mphamvu zamatsenga zinkakhala m'tsitsi. Osameta, omwe tsitsi lawo linkakwekwereka pansi, ndiwo anali ansembe ndi mafumu. Kenako kunali Ometambali, alonda ndi oweruza. Pansi pa onse kunali Ampala, ometedwa kuyambira ali makanda kuti matsenga asawalote n'komwe. Nanga ometa tsitsi? Amenewo ngakhale mafumu ankawagwadira. Akafika pamenepa Lumo ankaliza sizasi m'mwamba, odikira n'kufa nacho chiseko.

Iye sankazitenga ngati zamasewera. Wina akafunsa kuti, "Nanga wadazi ali gulu liti?" Lumo ankasowa mtendere mpaka atapeza lamulo lake, n'kudzalilengeza ngati woweruza. Makasitomala ena ankabwera tsitsi lisanakule n'komwe, kungofuna kumva kuti mwana wa moto wamuchita chiyani m'bale wake.

Mavuto anabwera ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, yemwe ankakonza mipope ya madzi. Anali munthu wa tulo m'maso, wosakonda kulankhula. Loweruka lina masana, benchi litadzaza, Lumo ankafotokoza kuti Ampala alibe mulungu wawowawo, amangotola nyenyeswa za mapemphero a ena.

"Aaa, alamu," anatero wamipopeyo akuyasamula, "anthu onsewo opanda mulungu? Ali naye. Dzina lake Kadontho."

"Ndani?"

"Kadontho. Kamulungu kakang'ono, kamakhala mumpope wodontha. N'kogontha khutu limodzi. Ukapempha nyumba kamakupatsa nyemba, ukapempha mwana kamakupatsa mwala. Koma sikakusiya wekha. Kamangoti do, do, do, kuti udziwe kuti kalipo."

Benchi lonse linagwa ndi phwete. Woyendetsa takisi wina, yemwe sankaphonya Loweruka, anachita kupukuta misozi ndi chipewa. Lumo anaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha.

Ankayesa zithera pomwepo. Ayi ndithu. Sabata yotsatira aliyense wokhala pampando ankayamba ndi Kadontho. Kodi kali ndi mkazi? Kamadya chiyani? Mayi wogulitsa nsapato anasuzumira pakhomo kudzanena kuti mpope wa kunyumba kwake ukudontha ndipo wauza bambo a ana ake kuti asaukhudze, muli mlendo. Za Wosaphethira palibe anafunsanso. Ana ake aakazi, omwe Lumo anawalera zaka zonsezo, anangosanduka zithunzi zapakhoma.

Nsanje inamumera ngati chithupsa cha m'khwapa, chosaonetsa anthu koma chosalola kutsitsa mkono. Kunyumba ankangotosatosa chakudya.

"Mwatani kodi inu?" anafunsa mkazi wake.

"Achimwene anuwo. Ine ndakalamba ndikumanga dziko, lamulo ndi lamulo. Iwo angobwera n'kuyasamula mulungu, basi anthu m'manja."

"Ndiye mwamuna wamkulu ngati inu mukuchitira nsanje mpope?"

Lumo anadzuka patebulo osamaliza kudya.

Poyamba anayesa kukatsitsa udindo. Analengeza kuti ansembe a Osameta afufuza ndipo apeza kuti Kadontho si mulungu, ndi kamzimu wamba. Anthu anakakonda koposa, amvekere, "N'kathu kameneko, nafenso mabwana satiwerengera." Ndiye tsiku lina, mlamu wake kulibe, Lumo anapukuta lumo pa thaulo n'kunena mosakweza mawu kuti Wosaphethira watembenuza diso lake, wayang'ana mumpope muja, ndipo Kadontho kauma. Kafa.

Aphunzitsi ena opuma ntchito, omwe anali atafundidwa kale nsalu pampando, anamuyang'ana kudzera pagalasi.

"Mwapha mwana wa eni, a Lumo."

"Dziko ndi langa," anayankha. "Malamulo ake ndimawadziwa ndine."

Watakisi uja anakanda chibwano. "Koma dikirani. Madzi akauma amapita kuti? Si m'mwamba? Ndiye kali m'mwambamo, kakudikira. Tsiku lina kadzagwa ngati dontho la mvula, n'kugwera m'diso la bwana wamkuluyo. Pamenepo afune asafune, aphethira basi."

"Eyaa!" anakuwa aphunzitsi aja. "Ampala adzapuma tsiku limenelo!"

Lumo anasiya kaye kumeta. Zaka zonse ankafunafuna chimene chidzaphethiritse Wosaphethira. Anaganizapo za nkhondo, za utsi, za kupanduka kwa mwana wa njala, koma palibe chinkakhala bwino. Lero yankho linatuluka pabenchi pake pomwe, labwino mosatsutsika, ndipo silinali lake. Pofuna kupha kamulungu, anakapatsa chipembedzo. Pasanapite nthawi, odikira anayamba kupatsana moni woti, "Kadzagwa," wina n'kuyankha kuti, "Kadzagwadi."

Patapita masabata, mlamu uja anabwera kudzametetsa. Munalibe munthu wina. Lumo anamufunditsa nsalu n'kuimanga pakhosi mothina pang'ono.

"Ndamva mwandiphera kamulungu kanga, alamu."

"Kankasokoneza dongosolo."

"Palibe kanthu. Ine ndinali nditaiwala ndi dzina lomwe. Achita kundikumbutsa ndi mlongo wanga."

Mawu amenewo anamulasa Lumo kuposa chipongwe chilichonse. Akanakonda munthuyo akanakwiya, akanamenya tebulo. Anameta kwa kanthawi, kenako funso lomwe linkamudya linatuluka lokha.

"Munakaganizira nthawi yaitali bwanji?"

"Kuganizira? Ayi. Tsiku lija ndinkachokera kwa mayi ena amasiye, ana awo onse ali kutali. Nditagwira sipanala anandiuza kuti, 'Mwananga, usaumange kwambiri mpopewo, umandichezetsa.' Basi, n'zomwezo."

Lumo anayang'ana khutu la mlamu wakeyo, lumo lili m'manja, ndipo kwa kamphindi analakalaka atalidula pang'ono pokha. Sanatero. Anamumeta bwino kwambiri, n'kumupaka mafuta onunkhira aja amasungira makasitomala olemekezeka.

Kuyambira pamenepo anasiya kulimbana ndi Kadontho. Anaona kuti chipembedzo chatsopanocho chilibe mutu, aliyense akungonena zake, ndipo kusanja zinthu ndiye ntchito yomwe mlamu wake sangaithe. Anakhazikitsa Odikiramvula, ansembe a Ampala oyenda ndi zikho zopanda kanthu. Anawagawa m'magulu, nawapatsa mkangano woti kaya dontholo lidzagwera diso lamanja kapena lamanzere, mkangano womwe unagawanitsa benchi lake mpaka watakisi ndi aphunzitsi anasiya kukhala moyandikana. Anthu anachulukanso, ndipo ankamuyamikira. Koma akati, "A Lumo, Kadontho kanu kaja," iye ankapotoza mlomo n'kuwongola kuti, "Ka alamu."

Nsanjeyo sinathe. Mlamu wake amabwerabe Loweruka, n'kukhala kumapeto kwa benchi, maso ali lendee. Akangoyamba kuyasamula ngati akufuna kunena kanthu, Lumo amamudumphitsa mzere wonse.

"Alamu, bwerani pampando, tsitsi lakula."

"Si munandimeta sabata yatha?"

"Lakula. Khalani, weramitsani mutu, musalankhule ndingakuchekeni."

Ndipo amayatsa mashini aakulu aja, aphokoso ngati chigayo, n'kuyambira pafupi ndi khutu.